Gula Buku Lodziwa Potsikira

Mng'ono wanga,

Kuno tili bwino, kungoti kwatentha, ndipo anthu ali kalikiliki kusosa m'minda. Amayi akupereka moni kwa iwe ndi alamu. Za ulendo wanu wa mu Novembala ndangowauza kuti mukukaona mapiri a m'chipululu. Za zingwe ndi maphompho udzawafotokozere wekha mukabwerako.

Chithunzi chija ndachiona, cha mabuku a ku Red Rock, pafupi ndi Las Vegas ku Nevada, amene wawapeza pa intaneti, ndipo funso lako ndalimva. Gula la Jerry Handren, lotchedwa Red Rocks: A Climber's Guide. Linatuluka koyamba mu 2007, n'kukonzedwanso mu 2016, ndipo pogula ufunse ngati limene akukupatsalo ndi lomalizira kusindikizidwa. Ndikanatha kungolemba zimenezi pa WhatsApp n'kukagona. Koma ndimakudziwa. Chaka chamawa udzakhala ukunena za Indian Creek, kenako Wadi Rum, mwinanso Spitzkoppe ya ku Namibia ukadzabwera kuno, ndipo kumeneko dzina la Handren silidzakuthandiza kanthu. Ndiye ndati ndikuuze kasankhidwe kake.

Anthu ambiri akagwira buku la mtundu umenewu amathamangira zithunzi: mnyamata walendewera ndi dzanja limodzi, thanthwe lili psuu, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Akatero amatembenuza chikuto kuti aone kuti muli njira zingati, ndipo buku lokhala ndi zambiri ndi limene amalipira. Iwe usatero. Ku Red Rock kuli njira zoposa 2,000, ndipo pa sabata imodzi inu awiri mukakwera zochepa zedi. Sankha njira imodzi yaitali imene mtima wako uli pomwepo, tsegula tsamba lake, phimba chithunzicho ndi chikhatho, uwerenge ndime ziwiri zokha: yonena za kafikidwe patsinde pa thanthwe, ndi yonena za katsikidwe. Yachiwiriyo uiwerenge mokweza, alamu akumvetsera. Ukamaliza tseka bukulo, uwapemphe akufotokozere mmene mudzatsikire. Akatha kunena kuti pamwamba tidzalowera uku, khwawa loyamba tidzalisiya, tidzatsetsereka pa chingwe kangati ndipo chingwecho chikhale chotalika bwanji, bukulo ndi labwino. Akayamba kukanda m'mutu, libwezere pashelefu, ngakhale zithunzi zake zikongole chotani.

Chifukwa chake n'chakuti kumeneko chitunda sichisocheretsa kwenikweni. Mng'alu uli pamphuno pako, choko cha amene anadutsa dzulo chili mbee pa zogwirira, pena bawuti ikunyezimira pamwambapo. Chimene chimagoneka anthu kuthengo ndi kutsika. Umafika pansonga miyendo ikunjenjemera, madzi atsala pansi pa botolo, dzuwa lapendeka, ndipo makwawa onse otsikira kuchigwa akuoneka ngati a mimba imodzi. Ambiri amayamba mokoma, mchenga wofewa, timitengo togwira, n'kukakusiya pamwamba pa phompho losalala pamene kubwerera kwake n'kovuta kuposa kumene unachokera.

Tenga Epinephrine, imene ndikudziwa kuti ndi imene yakusowetsa tulo. Ili ku Black Velvet Canyon, inatsegulidwa mu 1978 ndi Joe Herbst pamodzi ndi Jorge ndi Joanne Urioste, ndipo giredi yake ndi 5.9. Mumakwera mamita pafupifupi 500 muli pa chingwe, kenako n'kukwawa ndithu kamtunda kena kuti mufike pamwamba. Buku lililonse lidzakuuza za machumuni ake, ming'alu ikuluikulu ija yoti munthu umalowamo thupi lonse, msana khoma lino, mapazi khoma linalo, n'kumadzikankha pang'onopang'ono. Koma njirayi situlukira kumene unalowera. Ukafika pamwamba umayenda pamsana pa phiri, kutsatira timilu ta miyala timene anzako anaunjika, ndipo mayesero amakhala akuti ukhotere kumunsi msanga poti galimoto ukuionera patali. Wokhota msanga amakafika pamaphompho. Amene amaidziwa njira yotsikirayo imawatengera maola ngati awiri. Amene saidziwa, mdima ukawapeza, amagona komweko. Ndinaimapo usiku wina pamalo osiya magalimoto a kuchigwa chimenechi, ndikuona timatochi tiwiri pamwamba penipeni, tikupita kumanzere, kuima, kubwerera kumanja, kuimanso. Timatochito tinatero kwa nthawi yaitali, kenako tinangokhazikika malo amodzi. Eni ake anatsika kutacha, ali bwinobwino, milomo yokha itachita kusweka. Buku limene pa njira ngati imeneyi limangoti tsikirani chakum'mawa silinalembedwere mlendo. Linalembedwera munthu amene akudziwa kale.

Ife zimenezi zimativuta kuziganizira chifukwa cha kumene tinaphunzirira mapiri. Ku Mulanje buku linalipo, la Frank Eastwood lija la 1979, koma kunena zoona amene ankatitsogolera ndi anyamata a pa Likhubula, amene amadziwa mwala uliwonse ngakhale chiperoni chitatseka. Madzi sitinkawaganizira n'komwe, poti ukayenda pang'ono wapeza kamtsinje. Ku Nevada kulibe wokudikira pachipata kuti akunyamulire chikwama n'kukulozera njira, pokhapokha utalipira kampani ya otsogolera, ndipo ndalama zake si zamasewera. Mvula imene Las Vegas imalandira chaka chonse, mamilimita ngati 100, ku Mulanje ikhoza kugwa tsiku limodzi ikakwiya. Choncho ntchito yonse imene ankagwira mnyamata wa pa Likhubula ija, kumeneko iyenera kugwiridwa ndi pepala. Madzi onse a tsikulo mumachoka nawo kugalimoto, ndipo buku likanama pa kutalika kwa ulendo, lanamanso pa kuchuluka kwa madzi amene munyamule.

N'chifukwa chake pa ndime ya kafikidwe ndimafuna wolemba wonena nthawi, osati mtunda wokha. Kilomita imodzi m'khwawa lodzaza miyala yaikulu ngati nyumba, ndi zitsamba za minga yokowa zovala, si kilomita ya pamsewu. Uonenso kumene wojambula anaima potola chithunzi. Mpweya wa m'chipululu ndi woyera kwambiri moti thanthwe loti n'kuyenda ola ndi theka limaoneka ngati lili apa pomwe, ndipo ukafika patsinde pake silifanananso ndi mmene linkaonekera uli kutali: mng'alu umene unkauona bwinobwino wasowa, ndipo pali ina itatu yofanana nawo. Pamenepa ndi pamene Handren amaposa anzake. Zithunzi zake ndi zamitundu, njira anazilemba ndi mizere pathanthwe lenilenilo, ndipo chimene chili patsamba umachizindikira ukatukula maso. M'mabuku akale munkakhala zojambula pamanja kapena zithunzi zakuda, zoti mithunzi ikasintha sudziwanso kuti uli pati.

Tsopano za dzuwa, ndipo apa uwerenge modekha chifukwa mutu wako unakulira kuno. Kwathu m'nyengo yozizira dzuwa limapendekera kumpoto. Ku Las Vegas, pa madigiri 36 kumpoto kwa dziko, masana dzuwa limakhala chakummwera chaka chonse. Buku likati khoma limayang'ana kummwera, ndiye kuti ndi lofunda. Likati kumpoto, ndi la mthunzi, ndipo mu Novembala mthunzi wa kumeneko umaluma zala mpaka osamvanso chimene wagwira. Anthu amamva kuti chipululu n'kuganiza za kutentha kokha, paja mu Julayi 2024 mzindawu unafika madigiri 49. Koma nyengo imene mukupitayi, tsiku lomwelo munthu wina akukwera atavula malaya, mnzake kuseri kwa phiri lomwelo mano akugwedezeka ali m'jekete. Black Velvet, kumene kuli Epinephrine yakoyo, ndi kwa mthunzi. Crimson Chrysalis, njira ya 5.8 imene a Urioste anatsegula mu 1979, nayonso ndi ya mthunzi ndiponso ya mphepo, ndipo malo ambiri ogwirira mnzako chingwe ulibe pokhala, umangolendewera pa lamba. Solar Slab ya ku Oak Creek, 5.6, ya mu 1975, imaotha dzuwa, ndipo n'chifukwa chake anthu amaikonda m'miyezi yozizira. Buku la m'chipululu losanena kuti khoma ili limalandira dzuwa nthawi yanji ndi kulitaya nthawi yanji lasiya theka la ntchito yake.

Uwonjezerepo kufupika kwa tsiku. Kumayambiriro kwa Novembala mawotchi a kumeneko amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo. Popeza zigwa zimenezi zili kum'mawa kwa mapiriwo, mkati mwake mumada msanga kuposa pamenepo. Ndiye buku likakuuza kuti ola limodzi ndi theka lofikira, zigawo zisanu ndi zinayi zokwera, maola awiri otsika, tenga pensulo uwerengetsere chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 4 koloko. Ukapeza kuti muyenera kuyamba kuyenda kusanache, dziwa kuti masamuwo sakunama.

Masamu ena ndi a chingwe. Mabuku a ku America amayeza ndi mafiti, muyeso uja timagulira malata, pamene chingwe chako chinagulitsidwa m'mamita. Chingwe cha mamita 60 ndi mafiti pafupifupi 197, koma potsetsereka umachipinda pakati, ndiye chimakufikitsa mamita 30 okha, mafiti osakwana 100. Cha mamita 70 chimakufikitsa mafiti ngati 115. Buku likati pali potsika pa mafiti 150, chingwe chimodzi sichikwana, kaya ndi cha 60 kaya cha 70, pafunika ziwiri. Zimenezi uzilembe ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba muli kunyumba, tiyi ali pambali, osati muli pakakhonde ka thanthwe mphepo ikuomba. Buku labwino limanena poyera kuti chingwe chimodzi cha 70 chikwana, kapena tengani ziwiri, ndipo limachenjeza pamene zingwe zimakonda kukodwa. Ku Red Rock zimakodwa kwambiri, chifukwa thanthwe la kumeneko lili ndi timphuno ndi timbale tambirimbiri, tabwino pokwera koma toipa pokoka chingwe. Mfundo kumapeto kwa chingwe muzimanga nthawi zonse, kaya buku lanena kaya silinanene.

Za magiredi sindichulutsa, poti umawadziwa. Kungoti 5.10 imene umakwera m'nyumba zochitira masewera ku Indiana kwanuko, kumene ngakhale chulu n'chosowa, si m'bale wake wa 5.9 ya m'chumuni ya m'ma 1970. Anthu a nthawi imeneyo ankaumira manambala. Uziyang'ana chaka chimene njira inatsegulidwa ndi dzina la woitsegula. Ukaona Herbst, uwonjezere ulemu. Uziyang'ananso chilembo R kapena X kumapeto kwa nambala. R akutanthauza kuti malo otchingira ndi otalikirana moti ukagwa uvulala, ndipo X ndiye kuti ukhoza osadzukanso. Buku limene limalemba zilembo zimenezi mosanyengerera, n'kunenanso kukula kwa ma cam, zitsulo zotsekera m'ming'alu, oyenera kunyamula, ndi limene wolemba wake anakweradi njirazo kapena anafunsa kwa amene anakwera. Nyenyezi zimene amaika pa njira zokoma uziziwerenga kawiri: zikunena kuti njirayo ndi yabwino, zikunenanso kuti Loweruka mudzapeza mzere wa anthu patsinde pake.

Pali nkhani ina imene sindifuna kuti udzaimve kwa mlendo akukukalipira. Thanthwe la ku Red Rock ndi mchenga umene unaumbika kukhala mwala, milu ya mchenga ya m'chipululu chakale cha zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo. Likauma ndi lolimba mokwanira, makamaka pamene pali chikutu chakuda chija chimene chimayanga pamwamba pake. Poyera pamakhala pofewa, pena ukapaka chala mchenga umayoyoka. Koma likamwa madzi limachita ngati chidina chimene chagona pamvula: kunja chikuoneka chouma, ukachiponda chimangoti phwa. Chogwirira chimene chanyamula anthu zaka makumi anayi chimathyoka m'dzanja la munthu mmodzi wosaleza, ndipo sichimeranso. Zitsulo zimene watsekera mumng'alu nazonso zikhoza kuzuka. Uiwale za ku Red River Gorge ku Kentucky, kumene mumabisala pansi pa matanthwe opendama n'kumakwera mvula ikugwa. Ku Red Rock lamulo la okwera ndi lakuti mvula ikagwa udikire, tsiku lathunthu kapena awiri, ndipo ikakhala yambiri kapena khomalo ndi la mthunzi, atatu kapena kuposa. Poyesera pake ndi pansi: patsinde pa njirayo kumba mchenga ndi chala. Ukapeza chinyezi pansi pa kachikutu kouma ka pamwamba, thanthwe nalo lidakali ndi madzi mkati. Nyamulani zikwama muzipita. Buku loyenera limanena zimenezi m'masamba oyambirira, amene anthu ambiri amawadumpha. Iwe uwawerenge, ndipo ufufuziretu kumene kuli matanthwe a laimu ozungulira mzindawo, amene sasamala za mvula ya dzulo, kuti tsiku loterolo lisakupezeni mulibe kolowera. Mitambo ikamasonkhana kumapiri, m'makwawa mutulukemo. Madzi saiwala khwawa, ndipo kumeneko amabwera mwadzidzidzi ngakhale pamene mwaimapo sipanadonthe.

Tibwerere ku mabuku a pachithunzi chako. Lofiira laling'ono lija, The Red Rocks of Southern Nevada, ndi la Joanne Urioste, ndipo linasindikizidwa ndi American Alpine Club mu 1984. Ndimalikonda kuposa onse, koma usalitenge ngati mtsogoleri wako. Mayi ameneyu ndi mwamuna wake Jorge, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya mumzindamo, ndi amene anatsegula njira zambiri zimene lero anthu amawolokera nyanja kudzakwera: Epinephrine, Crimson Chrysalis, Dream of Wild Turkeys, ndi Levitation 29, imene Lynn Hill, John Long ndi Joanne yemweyo anaikwera ndi manja ndi mapazi okha, osakoka zitsulo, mu 1981. Masiku amenewo anzawo ena ankawanyoza kuti akuboola mabawuti ambiri. Lero njira zomwezo ndi zimene zimakhala ndi mizere. Bukulo ndi mawu a munthu amene anali pomwepo zinthu zikuyamba, koma padutsa zaka zoposa 40: misewu inasintha, malo oimika magalimoto anasuntha, njira zambirimbiri zinabwera pambuyo pake, ndipo dera lonselo linakhala malo otetezedwa ndi boma mu 1990, bukulo litatuluka kale. Ukalipeza motchipa gula, uziliwerenga madzulo. Chimodzimodzi Red Rock Odyssey la Larry DeAngelo ndi Bill Thiry, la mu 2004, limene kukoma kwake kuli pa mbiri ya anthu oyambawo.

La SuperTopo, lolembedwa ndi Greg Barnes mu 2004, ndi nkhani ina. Lili ndi njira zochepa, zosankhidwa, koma iliyonse anaijambula chigawo ndi chigawo: apa mng'alu wa zala, apa wa dzanja, apa bawuti, apa pomangirira, apa musalowere kumanja. Kwa munthu wobwera sabata imodzi kudzakwera njira zotchuka zazitali, kajambulidwe kotere n'kothandiza kwambiri, ndipo pena kamafotokoza zimene buku lalikulu limangodutsa m'mizere iwiri. Vuto lake ndi zaka. Barnes yemweyo wakhala akutsogolera bungwe la American Safe Climbing Association, limene limazula mabawuti akale adzimbiri n'kuika atsopano, ndipo ntchito ngati imeneyo ikachitika, zina zimene zinajambulidwa kale zimasiyana ndi zimene udzapeze pathanthwe. Ndalama zikalola, tenga onse awiri: Handren akhale mwini ulendo, Barnes akhale wofunsirako pa njira ziwiri kapena zitatu zazitali. Mabuku awiri akasiyana pa katsikidwe, usasankhe limene lakukomera. Kumeneko ndi kofunsa.

Enawo ndingodutsa. La Todd Swain linatumikira anthu m'nthawi yake, koma Handren analipitirira. La Tom Moulin, Southern Nevada Bouldering, ndi la miyala yaifupi yokwera popanda chingwe, monga ya ku Kraft. Ngati simukunyamula matiresi ogwerapo, lisiye.

Ndikudziwa chimene ukufuna kundiuza: kuti zonsezi zili pa pulogalamu ya Mountain Project, ndipo n'zaulere. Zoona, ndipo uikope m'foni musananyamuke, chifukwa m'zigwa zimenezo netiweki imasowa. Ili ndi chimene pepala silingakhale nacho, ndicho nkhani za sabata yatha: kuti mtengo umene anthu ankamangirirapo unagwa, kuti pakuti pali njuchi, kuti mwala wina ukugwedera. Koma olembamo ndi ambiri ndipo palibe amene ali ndi udindo. Wina amati anafika patsinde m'mphindi 40, osanena kuti amakhala komweko ndipo wadutsamo kambirimbiri. Wina amati chingwe cha 60 chinakwana, osanena kuti mamita omalizira anatsika chokwawa. Wolemba buku dzina lake lili pachikuto, ndipo akalakwitsa amakumana nawo anthu omwewo kusitolo. Ine ndimayamba ndi buku kuti ndidziwe maonekedwe a dera lonse, chigwa chiti chili pati, kenako n'kupita pafoni kukaona chimene chasintha. Ndipo batire ikazizidwa imatha msanga, komanso foni ikapulumuka m'dzanja uli mamita 200 m'mwamba, buku lako lonse lapita nayo.

Chitsanzo cha zimene zimasintha ndi chipata. Zigwa zambiri za kumeneko mumazifikira pa msewu wozungulira wa makilomita 21, wolowera mbali imodzi, moti ukaphonya poimika galimoto ndiye kuti uzungulirenso. Kuyambira kumapeto kwa 2020, bungwe loyang'anira malowa la Bureau of Land Management limafuna kuti kuchokera pa 1 Okutobala mpaka pa 31 Meyi munthu asungitsiretu nthawi yolowera ngati akulowa pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo. Buku la mu 2016 silingakuuze zimenezi. M'miyezi yozizira msewuwo umatsekedwa 5 koloko, ndipo okwera njira zazitali amatenga chilolezo chotuluka mochedwa, apo ayi amapeza chindapusa pagalasi la galimoto. Black Velvet ndi Calico Basin zili kunja kwa chipatacho, kungoti wa ku Black Velvet ndi msewu wafumbi wa miyala wopatukira ku Highway 160, ndipo galimoto yobwereka yotsika mimba imalira. Malamulo amenewa uwaone pa tsamba la bungwelo sabata yonyamukira. Lina limene silisintha ndi la zojambula zamakedzana za pamiyala: saloleza kukwera pafupi nazo, mkati mwa mafiti 50. Iwe unafikako ku Chongoni, sindikufunika kukuuza chifukwa chake.

Ukagula pa intaneti palibe cholakwa, ndipo ndi bwino kuti bukulo lifike msanga muliwerenge muli kunyumba. Komabe mukatera ku Las Vegas, pa msewu wa Charleston Boulevard umene umakafika ku Red Rock komweko pali sitolo ya okwera mapiri yotchedwa Desert Rock Sports. Mulowemo ngakhale mukungogula choko. Ogulitsa mmenemo amakwera matanthwe omwewo. Uwafunse kuti mvula inagwa liti komaliza, uwaonetse njira zimene mwasankha, ndipo pamene mabuku ako awiri akutsutsana uwatsegulire tsambalo pakauntala. Funso lako lisakhale lakuti njirayi ndi yokoma kodi, poti aliyense adzati eya. Ufunse kuti inu munatsikira kuti, ndipo munatenga zingwe zingati.

Buku la Handren ndi lolemera, silokwera nalo. Lizikhala m'galimoto. Masamba a njira ya tsikulo, makamaka la katsikidwe, muwajambule m'mafoni onse awiri, komanso muchititse fotokope, aliyense apinde yake m'thumba la pachifuwa. Ndikunenetsa kuti aliyense, chifukwa ndaona mabanja ambiri amene mwamuna ndiye amasunga njira yonse m'mutu, mkazi n'kumangotsatira. Tsiku limene wodziwayo waphwanya bondo, wotsalayo amakhala ndi chingwe, tochi, ndi phiri limene salidziwa. Alamu amawerenga mapu bwino kukuposa, ndipo iwe ukudziwa zimenezo ngakhale suvomera pagulu. Apatse ndime za katsikidwe zikhale zawo.

Ukandifunsa poyambira, ndingati tsiku loyamba mukhale ku Calico, pa njira zazifupi, manja azolowere mwala wa kumeneko. Kenako Cat in the Hat, 5.6 ya pa Mescalito ku Pine Creek, imene idzakuphunzitseni mmene zingwe zimakodwera musanakwere patali. Zikayenda bwino, Solar Slab, koma muwerengetse kuti njirayo imayambira pakhonde limene lili kale mamita ngati 150 kuchokera pansi, ndipo kuti mufike pakhondepo mumayamba mwakwera njira ina. Anthu amene amangowerenga nambala ya 5.6 amadabwa nalo tsikulo kutalika kwake. Epinephrine ndikanakonda muisungire Epulo wa chaka china, masiku atatalika, mutayesako machumuni aafupi. Ndikudziwa kuti mwina sundimvera. Ngati simundimvera, muyambe kuyenda kudakali mdima, zikwama zikhale zazing'ono zoti n'kuzilendeweretsa kunsi kwa lamba m'chumuni, aliyense tochi yapamutu ndi jekete, ndipo mugwirizane muli pansi ola limene mukapanda kufika pamwamba pa machumuniwo mudzabwerera.

Tsiku lililonse musiye dzina la njira ndi nthawi yobwerera kwa munthu amene ali komweko ku America, woti akhoza kuimba 911 mukachedwa. Ine musandidalire pa zimenezo: mu Novembala kuno timatsogola ndi maola 10, ndiye 6 koloko yamadzulo yanu imandipeza ndili mtulo 4 koloko m'bandakucha. Bukulo likafika, unditumizire zithunzi za masamba a njira zimene mwasankha, tidzawerengere limodzi Lamlungu lina pafoni, alamu ali pomwepo.

Ndine mkulu wako.